Musanagule amplifaya yakaleyo, pezani kaye wokonza

Achimwene, mwafunsa ngati mugule Marantz 2270 imene mwaipezayo kapena mudikire mpaka mutapeza McIntosh MC275, poti aliyense akuitamanda. Ine ndikuti tengani Marantz, koma musanatulutse ndalama, mudziwe kaye munthu amene adzaitsegule n'kuikonza.

2270 inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Imapereka mawati 70 mbali iliyonse, okwanira chipinda chochezera popanda kuikakamiza. Vuto lili mkati. Makapasita ake, tizipangizo tosunga magetsi, amauma zaka zikamapita, ngakhale makinawo atangokhala pashelefu osayatsidwa. Ena amatupa, ena amayamba kudontha. Ndiye wogulitsa akakuuzani kuti ikugwira bwinobwino, nthawi zambiri akutanthauza kuti magetsi a kutsogolo akuyaka basi. Ine yanga yoyamba ndinaiyatsa tsiku lomwe ndinafika nayo kunyumba, chifukwa cha phuma. Inaimba nyimbo ziwiri, yachitatu ndinangomva fungo la chinthu chopserera. Wokonza wodziwa ntchito sachita choncho: amailumikiza ku variac, chipangizo chosinthira mphamvu ya magetsi, n'kumakweza magetsi pang'onopang'ono, akuyeza, kenako amasintha makapasita otopawo. Ndalama ya ntchito imeneyi muiwerengere limodzi ndi mtengo wogulira.

Yang'ananinso kumbuyo kwa amplifayayo muone magetsi amene imafuna. Makina ambiri a nthawi imeneyo anapangidwira magetsi a ku America a 120 volts, ena a ku Japan a 100. Mukawalumikiza ku magetsi a kuno a 230 volts opanda thiransifoma, mwawapha pomwepo.

Za MC275, sindikukana, mawu ake ndi okoma. Inayamba kupangidwa mu 1961, ili ndi mavavu (machubu agalasi okweza mawu) anayi a mtundu wa KT88, mawati 75 mbali iliyonse. Koma si makina a munthu woyamba kumene. Mavavu amatentha kwambiri ndipo amatha, muzigula ena. Simuyenera kuiyatsa masipika asanalumikizidwe, chifukwa thiransifoma yotulutsa mawu ikhoza kupsa, ndipo chimenecho ndi chiwalo chodula kwambiri mwa zonse. Komanso imangokweza mawu, mufunika preamp pambali, makina osankhira kochokera nyimbo ndi kusinthira volyumu. Chinanso, McIntosh inayambanso kupanga MC275 mu 1993, choncho si iliyonse yolembedwa dzinalo imene ndi ya m'ma 1960. Wogulitsa akamatchula mtengo wa yakale, aonetse nambala ya makinawo.

Masipika akale musawakhulupirire ndi maso okha. Chotsani nsalu ya kutsogolo mukhudze mphepete mwa wufa, sipika yaikulu ya mawu a besi. Ngati ndi ya thovu lapulasitiki ndipo ikunyenyeka m'zala, yafunika kusinthidwa, ngakhale ntchito imeneyo si yovuta kwenikweni.

Mukapita kukaona Marantz ija, tengani nyimbo imene mumaidziwa bwino, ndipo muisiye iimbe kwa mphindi 30. Tembenuzani volyumu ndi mabatani onse mumve ngati akukhwekhwereza, ndipo mumvetsere ngati mbali imodzi ikuyamba kufooka makinawo akatentha.