Funsani Aphunzitsi: Mwana wa mlongo wanga akuti "grounded" ndi kupita kugalaundi

FUNSO: Aphunzitsi, ndikusunga mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 16, ali Fomu 3. Mayi ake amagwira ntchito ku Johannesburg. Lachitatu lapitali anatuluka titangodya nsima ya madzulo, n'kubwera pakati pa usiku, ine nditazungulira kale ndi tochi mpaka kumsewu wa M1 m'chisanu cha kunochi. Nditawauza mayi ake pa WhatsApp anayankha m'Chingerezi, poti iwowo akapsa mtima Chichewa chimawathawa. Analemba kuti: "He is grounded for two weeks. Curfew is six. If he talks back, no pocket money." Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndiye ndinaitana mwini wakeyo kuti andimasulire. Akuti mayi ake alamula kuti kwa masabata awiri azipita kugalaundi kukasewera mpira mpaka 6 koloko. Kodi munthu wokwiya angalamule zotere? — Malume, Chimbiya, Dedza

YANKHO: A Malume, mwapatsa fisi ntchito yowerenga mbuzi. Mnyamatayo Chingerezi akuchimva bwino lomwe, n'chifukwa chake wakwanitsa kuchipotoza mwaluso chonchi. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, koma kumasulira kotereku ndakumva koyamba, ndipo ndaseka mpaka misozi.

Tiyambe ndi grounded. N'zoona kuti muli mawu akuti ground, omwe ife tinawasandutsa galaundi. Koma tanthauzo lake loyamba ndi pansi, panthaka. Ndege ikaletsedwa kuuluka chifukwa cha nkhungu kapena vuto la injini, amati ili grounded, yakhazikidwa pansi. Makolo, makamaka a ku America, adabwereka mawuwa pa ana awo: mwana wathyoledwa mapiko, sachoka pakhomo. Kusukulu apita, kutchalitchi apita, mukamutuma kuchigayo apita. Koma kokacheza, kokaonera mpira, kumsika kongoyendayenda, ndi kugalaundi komwe akunenako, ayi, mpaka masiku 14 akwane.

Curfew ndi nthawi imene munthu ayenera kukhala atalowa m'nyumba. Mawuwa adachokera ku Chifalansa, couvre-feu, kutanthauza kuti vundikira moto. Kalekale m'matauni a ku Ulaya munkalira belu madzulo louza anthu kuti avundikire moto wawo nyumba zingapse ali m'tulo. Inunso curfew mudaionapo ngakhale dzina lake simunalisunge: mu Januwale 2021, Covid-19 itavuta, boma lidaletsa anthu kuyendayenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Ya mlongo wanu ndi 6 koloko madzulo. Apa ndikadakhala inu ndikadawakumbutsa kuti kwathu kuno m'miyezi yozizira dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, ndiye 6 koloko kumakhala kutada. Gwirizanani ola limodzi, mulinene ndi nambala. Mukangoti "uzibwera kusanade" mudzakangana tsiku lililonse, chifukwa kwa mnyamata wa zaka 16 kunja sikuda.

Pocket money ndi kandalama ka mandasi ndi mayunitsi kamene amamutumizira. Apo palibe chovuta.

Koma pa talk back ndikhalitsepo. Answer ndi kuyankha wamba, monga mwafunsa iye n'kuyankha. Talk back, kapena answer back monga amanenera ku England, ndi kubweza mawu mwamwano, kuja wamkulu akunena chimodzi mwana n'kuponya ziwiri. Vuto lathu akuluakulu ndi loti timasakaniza ziwirizi. Mwana akangotsegula pakamwa kuti afotokoze, ife tati wachita mwano. M'kalata yanu simunanene kumene anali, ndipo ndikuganiza kuti simunamufunse bwinobwino. Ine ndiyerekeze: mpira wa Champions League umaseweredwa Lachiwiri ndi Lachitatu, ndipo masewero ausiku amayamba 9 kapena 10 koloko nthawi yathu, malinga ndi nyengo ya ku Ulaya. Wotha mochedwa amatha cha m'ma 12. Ngati anali m'kanyumba koonetsera mpira pamsikapo, nthawi yake ikugwirizana. Kulakwa kulipobe, poti sanatsanzike ndipo m'mawa mwake kunali sukulu, koma si mlandu wofanana ndi wa mwana amene akununkha kachasu. Mufunseni atakhala pansi, mumvetsere mpaka amalize.

Mawu ena amene mlongo wanu angadzalembe ndi awa. Scold kapena tell off ndi kukalipira. Punish ndi kupereka chilango. Let off ndi kumusiya osamulanga. Sneak out ndi kuzemba pakhomo mwakachetechete, zomwe ndikukuchenjezani kuti muyembekezere Lachitatu likubwerali. Nanga discipline? Ambiri amangoganiza za chikwapu, chonsecho muzu wake ndi umodzi ndi wa disciple, wophunzira, monga ophunzira a Yesu aja. Chichewa chathu chilinso chimodzimodzi. Anankungwi akamalanga namwali sagwira ndodo, amamuuza mwambo. Kulanga ndi kulangiza ndi ana a mimba imodzi.

Chomwe mlongo wanu sanaganizire ali kutaliko n'chakuti chilango cha grounded chidapangidwira mwana wa m'tauni, wa chipinda chakechake. Mwana wapamudzi mukangomuuza kuti asachoke pakhomo, foni ili m'manja, anzake akubwera kudzakhala naye pakhonde, mwamupatsa holide. Inu ndinu mwinimbumba, chilangocho chisokeni chimukwane. Foni izigona kwa inu kuyambira 6 koloko. Akaweruka kusukulu akathirire mbatatesi ndi kabichi kudimba. Ndipo tsiku lomaliza mulilembe pakalendala, likakwana mumumasule osawonjezerapo ngakhale limodzi.

Popeza Chingerezi amachikonda chonchi, ndipo chaka chamawa satifiketi ya MSCE sangaipeze akalephera phunziro limeneli, mumugulire kope la masamba ochepa. Madzulo alionse alembe chiganizo chimodzi cha grounded, china cha curfew, china cha talk back, m'munsi mwake amasulire m'Chichewa. Muzijambula tsambalo n'kutumiza ku Johannesburg, mayi ake ndiwo azichonga.