Kwa mayi a ku Ngabu amene afunsa za chakudya cholipiriratu ku Walt Disney World

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndipo ndaona kuti ndiliyankhe mwachifatse, chifukwa ndalama zimene zikukambidwa pano si zochepa. Mwanena kuti achimwene anu amene amakhala ku America akuitanani inuyo, bambo a kunyumba, mayi anu okuberekani ndi ana atatu a zaka 12, 10 ndi 6, kuti mukagone masiku asanu pa hotela ya ku Walt Disney World, malo aakulu a mapaki a zisangalalo a ku Florida, pa tchuthi cha Ogasiti, ndipo akufuna kudziwa ngati awonjezere Disney Dining Plan, dongosolo lolipiriratu chakudya, pa zimene akulipira. Ine ndimakhala ku Nchalo, ntchito yanga inali yowerengera ndalama mpaka pamene ndinapuma, ndipo kumeneko ndinafikako mu 2024 pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi adzukulu awiri, mwana wathu wamkazi atatiitana. Funso lomweli tinalikambirana usiku wonse tisanasankhe chochita. Maganizo anga ndi akuti banja lanu, momwe mwalifotokozeramu, silingapindule ndi dongosololi pa nkhani ya ndalama, ngakhale kuti pali chifukwa chimodzi chimene chingachititse kuti achimwene anu alifunebe, ndipo chifukwacho sindichipeputsa.

Dongosololi linaimitsidwa mu 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo linabwereranso pa 9 Januwale 2024 lili m'mitundu iwiri. Mtundu wotsika mtengo, Quick-Service Dining Plan, umapatsa munthu aliyense chakudya kawiri pa malo amene umakagula wekha pa kauntala, ndi chokhwasula chimodzi monga ayisikirimu kapena chipatso. Mtundu wokwera mtengo umapatsa chakudya chimodzi cha pa kauntala, chimodzi cha pa lesitilanti yokhala pansi nkumaperekeredwa, ndi chokhwasula chimodzi. Tingoti ndi makuponi, ngakhale kuti si a pepala, ndipo amawerengedwa potengera usiku umene mwagona pa hotela. Mitundu yonse iwiri imabwera ndi kapu yodzazira zakumwa mobwerezabwereza, koma kapuyo imagwira ntchito ku hotela kokha, m'mapaki momwe mudzathere tsiku lonse siigwira. Lamulo lina ndi lakuti onse olembedwa m'chipinda chimodzi ayenera kutenga mtundu umodzi, kwa masiku onse, popanda kusankha kuti uyu alowe uyu atsale.

Tsono pamene nkhani yanu yavutira ndi pa zaka za ana. Kumeneko mwana ndi wa zaka 3 mpaka 9. Amene wakwanitsa zaka 10 amalipira ngati munthu wamkulu, moti pa anthu asanu ndi mmodzi a m'banja mwanu, asanu adzawerengedwa akuluakulu ndipo mwana adzakhala mmodzi yekha, wa zaka 6 uja. Mu 2024 mtundu wokwera mtengo unali pafupifupi madola 94 pa wamkulu ndi madola 30 pa mwana usiku uliwonse, pamene wotsika unali pafupifupi madola 57 pa wamkulu ndi madola 24 pa mwana. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, choncho achimwene anu aone ya tsopano, koma tikawerengera ndi imeneyi, wokwera mtengo ukukwana madola 500 pa usiku, kutanthauza madola 2,500 pa masiku asanu, ndipo wotsika ukukwana madola 309 pa usiku, kutanthauza madola 1,545 pa masiku asanu. Pa mtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 pa dola, madola 2,500 ndi ndalama zoposa K4 miliyoni. Inu a ku Ngabu mukudziwa bwino kuposa ine kuti ndalama zimenezo ndi ng'ombe zingati pa msika.

Kuti munthu adziwe ngati wapindula, ayenera kufunsa kuti akanalipira zingati akanamagula yekha chimene akufunadi kudya. Tengani madola 57 aja, muchotsepo pafupifupi 6 a chokhwasula ndi 4 a gawo la kapu pa tsiku. Otsalawo, mukawagawa pawiri, akutanthauza kuti chakudya chilichonse cha pa kauntala chiyenera kufika madola 23 kapena kuposa kuti musaluze. Zimene ife tinkagula, monga nkhuku ndi tchipisi kapena mpunga ndi nyama, pamodzi ndi chakumwa, kawirikawiri sizinkafika pamenepo. Chimene chimakweza mtengo wa mbale mpaka kufika apo ndi mowa kapena vinyo, poti dongosololi limalola munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo kusankha chakumwa choledzeretsa pa chakudya chilichonse. Ngati kunyumba kwanu simumwa, ndiye kuti mukulipirira chinthu chimene simudzachikhudza, ndipo ana awiri aja a zaka 12 ndi 10 akulipira mtengo womwewo pamene lamulo silingawalole nkomwe kumwa. Mwana wa zaka 10 amene kwathu kuno amakhuta ndi mtanda umodzi wa nsima sangadye chakudya cha madola 94 pa tsiku, ngakhale mutamukakamiza.

Mtundu wokwera mtengo umayamba kubweza ndalama zake ngati tsiku lililonse mukudya pa malo odula, makamaka aja odzigawira wekha kumene anthu ovala ngati Mickey Mouse ndi anzake amazungulira matebulo kujambulitsa ndi ana, monga Chef Mickey's kapena Tusker House. Chakudya chamadzulo pa malo otere chinkapitirira madola 60 pa wamkulu. Kwa mwana wa zaka 6 phindu lilipo ndithu, chifukwa mbale yake imodzi pamenepo inkaposa madola 30 amene mwana ankalipira tsiku lonse mu 2024, koma phindu la mwana mmodzi silingakwirire zimene zikutayika pa anthu asanu. Malo ena otchuka kwambiri, monga Cinderella's Royal Table mkati mwa nyumba yachifumu ya m'paki ya Magic Kingdom, amadya makuponi awiri pa chakudya chimodzi.

Palinso ndalama zina zimene mawu akuti "cholipiriratu" amabisa. Ku America woperekera chakudya amapatsidwa ndalama yothokoza imene amati tip, yokwana 18 mpaka 20 pa 100 iliyonse ya mtengo wa chakudyacho, ndipo imeneyi siili m'dongosolo. Gulu likakhala la anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposa, 18 pa 100 amaiika okha pa bilu. Banja lanu likadya chakudya cha madola 340, tip yake ndi madola oposa 60, ndipo mukatero kasanu ndiye kuti madola 300 atuluka m'thumba pamwamba pa 2,500 aja. Chakudya cha m'mawa nachonso mudzagula padera, pokhapokha mutagwiritsa kuponi imene ikanakhala ya masana, popeza makuponi a chakudya ndi awiri okha pa usiku.

Chimene ndikufuna kuti muchiganizire kwambiri ndi thupi, chifukwa masamu amaganiza kuti munthu adzakhala ndi njala pa nthawi imene yalembedwa. Ife a m'chigwa muno timadziwa zimene dzuwa la Okutobala ndi Novembala limachita: masana munthu umangofuna madzi, thobwa kapena mango, ndipo nsima umaiyang'ana dzuwa litapendeka. Florida mu Ogasiti ndi yotentha mwa mtundu womwewo, yachinyontho chomata thupi, ndipo masana ambiri kumagwa mvula ya mabingu. Mudzakhala mukuchoka kuno nyengo yozizira itangotha kumene nkukalowa m'ng'anjo, mukuyenda wapansi kuyambira m'mawa ndi kuima pa mizere italiitali. Adzukulu anga ankapempha madzi ndi zozizira, ndipo mbale imodzi ya pa kauntala, imene kumeneko imakhala yaikulu, ankagawana awiri nkutsalako. Onjezanipo nkhani ya nthawi. M'mwezi umenewo Florida imakhala kumbuyo kwa Malawi ndi maola 6, choncho 7 koloko madzulo kumeneko ndi 1 koloko usiku m'thupi mwa mwana wochokera ku Ngabu. Masiku awiri kapena atatu oyambirira ana adzadzuka ndi njala kusanache, malo odyera asanatsegule, ndipo pa nthawi ya chakudya chamadzulo chodula chija adzakhala akusinza pa tebulo. Malo odyera okhala pansi amasungitsidwa kutatsala masiku 60, otchuka amadzaza msanga, ndipo mukalephera kufika osadziwitsa pa nthawi yake amadula madola 10 pa munthu aliyense. Chakudya chimodzi chotere, kuphatikiza ulendo wopita ndi kudikira, chimatha kudya maola awiri a tsiku limene tikiti yake yalipiridwa modula kuti ana asewere. Kuchita zimenezo kamodzi kapena kawiri ndi chisangalalo, koma tsiku lililonse kumasanduka ntchito, makamaka kwa agogo.

Ena amayerekeza dongosololi ndi malo ogona alendo a ku Majete kumene munthu amalipiriratu chakudya chonse pamodzi ndi chipinda. Kumeneko nzomveka, chifukwa uli m'kati mwa nkhalango ndipo palibe kwina kokadya. Ku Walt Disney World zinthu nzosiyana. Malo odyera ndi ambirimbiri, madzi ozizira a m'kapu amapereka ulere pa makauntala ukapempha, ndipo amalola kulowa m'paki ndi chakudya chako, bola chisakhale m'mabotolo agalasi ndiponso chisakhale mowa. Mwana wathu anagula buledi, mkaka, nthochi, maapozi, chiponde ndi mabisiketi ku sitolo yaikulu ya m'tauni tsiku loyamba, ndipo chakudya cha m'mawa tinkadyera m'chipinda, china nkunyamula m'chikwama. Achimwene anu, poti ndi a komweko ndipo mwina adzabwera ndi galimoto, angachite zomwezo mosavuta.

Za mayi anu ndinene padera. Munthu wachikulire amene wakula akudya nsima ya mapira kapena ya chimanga ndi mlamba, therere kapena nkhwani, akhoza kudya pang'ono kwambiri akakumana ndi zakudya za tchizi ndi zotsekemera tsiku ndi tsiku. Kuwalipirira madola 94 pa usiku sikudzawabweretsera chilakolako. Chimene chingawasangalatse ndi kupita nawo kamodzi ku lesitilanti yotchedwa Boma, ku hotela ya Animal Kingdom Lodge, kumene amaphika zakudya za ku Africa ndipo munthu amadzigawira yekha. Ife tinapezako pap, nsima ya ku South Africa ija, ndipo mayi a kunyumba anadya ndi mtima wonse tsiku limenelo. Malo amenewo mungathe kusungitsa ndi kulipira mwachindunji popanda dongosolo lililonse.

Tsopano chifukwa chija ndinati sindichipeputsa. Ife tikakhala alendo a m'bale wathu timachita manyazi. Ukaona mtengo wa mbale pa chikwangwani nkuutembenuza kukhala makwacha mumtima, njala imatha, ndipo umayamba kunena kuti wakhuta pamene sunakhute, kapena kuletsa mwana ayisikirimu poopa kulemetsa amalume ake. Ndikuganiza kuti achimwene anu akudziwa zimenezi, ndipo mwina nchifukwa chake akufuna kuti zonse zikhale zolipiridwa kale, kuti mlongo wawo ndi mayi awo asamawerenge madola pa chakudya chilichonse. Komanso tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza m'mabanki athu, moti kunyamuka kuno ukudziwa kuti chakudya chakonzedwa kale kumapatsa mtendere. Zimenezi ndi zenizeni, ndipo ngati kwa iwo mtendere umenewo ndi woyenera madola mazana angapo owonjezera, palibe angawadzudzule. Komabe pali njira ina yopezera mtendere womwewo. Angathe kugula makhadi a mphatso a Disney, amene amalandiridwa pa malo ambiri odyera kumeneko, nkuikamo ndalama zimene akonzera chakudya, nkukupatsani inuyo m'manja tsiku loyamba. Mudzagula chimene mukufuna, ana awiri adzagawana mbale akafuna, agogo adzamwa tiyi yekha ngati ndi chimene mtima wawo wafuna, ndipo zotsala pa khadi sizitha mphamvu. Makuponi a dongosolo lija amatha mphamvu pakati pa usiku wa tsiku limene mwatuluka mu hotela, ndipo otsala sabwezedwa ndalama, nchifukwa chake tsiku lomaliza mumaona anthu akudzaza zikwama ndi maswiti kuti makuponi asapite pachabe.

Ngati achimwene anu aumirirabe, apempheni zinthu ziwiri. Asankhe mtundu wotsika mtengo, chifukwa sufuna kusungitsa malo ndipo ulibe tip, kenaka malo okhala pansi alipire padera kawiri kokha, Boma chifukwa cha agogo ndi amodzi a Mickey Mouse chifukwa cha wa zaka 6 uja, makamaka cha kumapeto kwa ulendo matupi atazolowera nthawi. Chachiwiri, popeza zipinda zambiri kumeneko zimagona anthu anayi kapena asanu, nkutheka kuti mudzakhala m'zipinda ziwiri, ndipo zikasungitsidwa padera, chimodzi chingathe kukhala ndi dongosolo china ayi. Zikatero, mwana wamng'onoyo alembedwe m'chipinda cha dongosolo pamodzi ndi amene amadya bwino, monga bambo ake, ndipo agogo ndi wa zaka 10 alembedwe m'chinacho. Afunsenso ngati pa masiku amenewo pali zotsitsa mtengo, poti nthawi zina kampaniyi imapereka dongosolo la chakudya ulere kwa osungitsa zipinda pa mtengo wathunthu, ndipo pamenepo ayenera kuyerekeza ndi kuchotsera kwa mtengo wa chipinda kumene angakutaye akasankha chakudya chaulerecho.

Musanawayankhe, khalani pansi ndi bambo a kunyumba, mutsegule mndandanda wa zakudya ndi mitengo yake pa intaneti kapena pa pulogalamu ya My Disney Experience, ndipo mulembe pa pepala chimene aliyense wa anthu asanu ndi mmodzi angadyedi pa tsiku limodzi lotentha. Chiwerengero chimene chituluke muchiike pambali pa madola 500 ndi madola 309, nkuwatumizira achimwene anu pepalalo pa WhatsApp.