Mwana akazyolika sindiye kuti waba

Mayi a ku Chipoka, mwati ndalama ya pa okala yasowa, mwafunsa mwana wa achimwene anu amene mukumusunga, ndipo iye wangozyolika, misozi ili lengelenge, osakuyang'anani kumaso ngakhale kamodzi. Mukufunsa ngati maso amenewa sakuonetsa kuti watenga ndi iyeyo. Ambiri pano akuyankhani kale kuti "wagwidwa ameneyo". Ine ndikuti dekhani kaye. Maso amaulula kuti mtima wa munthu wagwedezeka, koma chimene chaugwedeza sanena.

Taganizani mmene timalerera ana kuno. Ndife tomwe timamuuza mtsikana kuti wamkulu akamuitana agwade, ayang'ane pansi. Akatitong'olera maso timati ndi wamwano, sanalangidwe. Mkamwini akakumana ndi apongozi ake pa njira amapatuka, nkhope kumbali, ndipo palibe amene amati waba nkhuku. Tsono mwanayu wachita zomwe tinamuphunzitsa, lero zomwezo zisanduke umboni womumangira? Zoti woona mtima amakuyang'ana m'maso tazitola m'mafilimu, si za m'midzi yathu.

Ndipo kwa eni akewo zinayesedwa n'kupezeka zopanda mutu. M'chaka cha 2006 Charles Bond ndi Bella DePaulo a ku America anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 200, napeza kuti anthu poyesa kusiyanitsa wabodza ndi wonena zoona amalondola ka 54 pa 100. Kungolota chabe mukhoza kulondola ka 50. Zija zimazungulira pa TikTok zoti woyang'ana m'mwamba chakumanja akupeka bodza, Richard Wiseman ndi anzake ku Britain anaziyesa mu 2012, sanapeze kanthu. Wabodza wozolowera amadziwa kuti mukumuyang'anitsitsa, ndiye amanama m'maso muli gwa. Amene munakhalapo mu banki m'khonde mukumudziwa munthu uja amalumbira kuti "Lachisanu ndibweza" osaphethira n'komwe.

Sindikuti maso alibe nkhani. Ali nayo yambiri. Kamwana ka diso, kakuda ka pakatika, kamakula munthu akachita mantha, akapsa mtima, akaona amene amamukonda, ngakhale akamawerengera masamu ovuta m'mutu. Eckhard Hess wa ku Chicago anayamba kulemba za zimenezi cha m'ma 1960. Munthu sangakalamule, kamachita kokha. Vuto ndi loti kamakulanso mumdima, ndipo ife a maso oderapo kamavuta kukaona, makamaka m'kati mwa okala momwe kuwala kumalowera pa kawindo kamodzi.

Zooneka msanga ndi zikope ndi nsidze. Wamantha zikope zam'mwamba zimakwera mpaka choyera cha diso kuonekera pamwamba. Wokwiya nsidze zimatsika n'kukumana, tsinya lija. Wachisoni chenicheni nsonga za nsidze zoyandikira mphuno zimakwera pang'ono, ndipo ndi ochepa amene angathe kuchita zimenezi mwadala. Pa maliro mukhoza kuona kusiyana kwa wofedwa ndi wongothandiza kulira. Kumwetulira nako kuli chimodzimodzi. Dokotala wa ku France, Duchenne, analemba mu 1862 kuti kumwetulira kochokera mu mtima kumakoka mnofu wozungulira diso, masaya amakwera, m'mbali mwa maso mumachita timakwinya, pomwe kwachiphamaso kumathera pa milomo. Nthawi ya Covid-19 tonse tinavala zotseka pakamwa, komabe namwino wansangala tinkamudziwa.

Tsono bwererani kwa mwana wanuyo. Misozi ndi kuzyolika zikunena kuti waopa kapena wachita manyazi, zimenezo sindikutsutsa. Koma akhale mwana wosalakwa, wokhala pa khomo la azakhali, wodziwa kuti akangomuganizira zakuba abwezedwa kumudzi sukulu n'kuthera pomwepo. Kodi angaoneke bwanji? Ndendende ngati wolakwa. Mantha oti agwidwa ndi mantha oti sakhulupiriridwa amatulukira pa nkhope imodzimodzi.

Kuno kunyanja tili ndi vuto linanso lowerenga maso molakwika, ndipo limandiwawa. Pitani ku Senga Bay m'mamawa muone anyamata akutsika m'mabwato, achezera usiku wonse kupha usipa ndi nyali zowala, mwera ukuwawomba. Maso amakhala psuu, zikope zotupa. Mlendo amangoti "achamba awa". Amayi owamba nsomba amakhala pa utsi tsiku lonse, misozi chuchuchu popanda chowadandaulitsa. Choipitsitsa ndi cha agogo amene aphikira nkhuni m'kakhitchini kopanda windo moyo wawo wonse. Maso akafiira ena amayamba kunong'onezana za ufiti, ndipo tamvapo okalamba akumenyedwa, ena kuphedwa kumene, m'dziko lomwe lino. Utsi chabe. Maso achikasu, m'kati mwa chikope moyera mbuu, kapena maso olowa m'kati kwa mwana wotsegula m'mimba, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala, osati ya mtima.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu. Inu mwanayu mumamudziwa kuposa ife tonse tili pano. Dzifunseni: masiku onse mukamamufunsa za mbale yosweka kapena za kusukulu, amakuyang'anani? Ngati amazyolika nthawi zonse, palibe chatsopano chimene mwaona. Chofunika kuchiona ndi kusintha, monga mwana wansangala kuyamba kukuzembani sabata yathunthu, ndipo nakonso kukhoza kuchokera kwina, mwina wina akumuvutitsa panjira yopita ku mjigo.

Musamufunsenso pamaso pa makasitomala kapena ana anu obereka. Khalani naye pa mphasa madzulo, nonse manja ali pa ntchito, kaya mukusankha mpunga kaya mukusenda mtedza, kuti asakakamizike kukuyang'anani. Muuzeni afotokoze tsiku lonselo kuyambira m'mawa: anabwera ndani, anagula chiyani, anachokapo nthawi yanji, anasiyira ndani. Musamudule mawu. Mawa lake mufunseninso mwa njira ina, mumve ngati nkhaniyo ikugwirizana ndi zomwe ena anaona.

Musanatero, tsegulani kope la ngongole, muonenso mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money a tsiku limenelo, chifukwa ndalama zambiri "zosowa" pa okala zimakhala katundu wopereka pa ngongole osalemba. Muwerengenso anthu onse amene amafika pamene mumasunga ndalama. Bambo a kunyumba musawadumphe pa kuwerengako.