Kodi n'koyenera kuika difu ya matayala awiriawiri pa Hilux yakale?

Bambo wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, wanditumizira imelo yokhala ndi funso ili: "Ndili ndi Toyota Hilux ya m'zaka za m'ma 1990, ya injini ya dizilo ya 2L, yoyendera matayala akumbuyo okha. Ndimanyamulira mbatatesi ndi kabichi kupita nazo ku msika wa Kwachena ku Tete. Mwezi watha shafuti yakumbuyo inathyoka, ndipo makaniko wanga akuti tichotse difu yonse, tiikepo ya kalole ya matayala awiriawiri kuti ndizinyamula matani awiri. Kodi zimenezi n'zotheka, nanga n'zothandiza?"

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Kutheka n'kotheka, ndipo amisiri odziwa kuwotcherera amaigwira ntchito imeneyi. Koma m'funso lanu muli zofuna ziwiri zimene makaniko wanu waziphatikiza, ndipo ine ndikufuna kuzilekanitsa. Choyamba n'chakuti shafuti isathyokenso. Chachiwiri n'chakuti galimoto imene inapangidwira katundu wa tani imodzi izinyamula matani awiri. Difu yoyenera (difu ndi chipaipi chopingasa pansi kumbuyo kwa galimoto, chokhala ndi magiya ndi mashafuti ozunguza matayala) ikhoza kukwaniritsa choyambacho, koma chachiwiricho sichingakwaniritsidwe ndi difu ya mtundu uliwonse.

Tiyambe ndi chimene chinathyokacho. Pa Hilux yanu, tayala lakumbuyo limamangidwa mwachindunji kumapeto kwa shafuti, ndipo shafutiyo imakhala pa beringi imodzi yokha imene ili kumapeto kwa chipaipi cha difu. Mapangidwe amenewa amatchedwa semi-floating. Shafuti yotere imagwira ntchito ziwiri pa nthawi imodzi: imazunguza tayala, komanso imasenza kulemera konse kwa mbali imeneyo ya galimoto. Mukadzaza katundu mopitirira, shafuti imapindika pang'ono pokha, mosaoneka ndi maso, koma poti ikuzungulira, mbali imene yapindikira imasinthasintha pa kuzungulira kulikonse, mpaka chitsulo chimatopa n'kuyamba mng'alu pafupi ndi beringi. Ikathyokera pamenepo, tayala limachoka pamodzi ndi dramu ya mabuleki, ndipo galimoto imagwera pansi ili pa liwiro. Difu ya malole, imene imatchedwa full-floating, inapangidwa mosiyana. Tayala limamangidwa pa habu, habuyo imakhala pa maberingi awiri amene ali kunja kwa chipaipi cha difu, ndipo kulemera kwa katundu kumapita m'chipaipicho osadutsa mu shafuti. Shafuti imangozunguza basi, moti ngakhale itathyoka tayala silichoka. Difu yotere mungaizindikire muli chiimire: pakati pa limu pamatuluka chitsulo chonga chitini, chokhala ndi mzere wa timabawuti kumapeto kwake, ndipo mukamasula timabawutito shafuti imasololoka tayala lili pansi, osafuna jeke.

Pali njira yachidule imene amisiri ena amaikonda, yongomangirira tayala lachiwiri pa difu yomwe ilipo kale pogwiritsa ntchito chitsulo chotalikitsa kapena malimu awiri owotchereredwa pamodzi. Imeneyi ikaneni, ngakhale mtengo wake utakhala wotsika chotani. Tayala lakunjalo limakhala kutali ndi beringi, choncho katundu yemweyo amapinda shafuti ndi mphamvu yokulirapo, monga mmene ndowa ya madzi imalemerera mukainyamula mkono uli chotambasula kusiyana ndi pamene ili pafupi ndi thupi. Zimenezi zinaoneka kale ku America. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, makampani ena ankagula mapikapu a Toyota n'kumangapo tinyumba toyenda nato pa maulendo, ndipo ankawonjezera matayala mwa njira yomweyi. Mashafuti anayamba kuthyoka m'misewu, matayala n'kumachoka, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 magalimoto ambiri otere anaitanidwa kuti akaikidwe madifu a full-floating a mabawuti asanu ndi limodzi. Misewu imene ankayendamo inali yosalala kuposa ya ku Tsangano.

Tsopano tinene kuti mwapita ku sucata, malo ogulitsira zitsulo za magalimoto akutha, ku Tete kapena ku Moatize kukafuna difu yeniyeni. Mudzapezako mitundu iwiri. Wina ndi wa timalole ting'onoting'ono, monga Kia K2700 ndi mitundu ina ya Toyota Dyna ndi Mazda Bongo, timene kumbuyo kwake timakhala ndi timatayala tinayi ta malimu a mainchesi 12 kapena 13. Musaganize kuti difu iliyonse ya matayala awiriawiri ndi ya full-floating, yang'anani habu ija kaye. Mtundu winawo ndi wa malole okulirapo monga Mitsubishi Canter ndi Isuzu Elf, a malimu a mainchesi 15 kapena 16.

Pa timatayala tating'onoto pali masamu amene ambiri sawachita. Werengani manambala olembedwa m'mbali mwa tayala. Tayala la 195R14C, limene ambiri amaika pa Hilux yonga yanu, nthawi zambiri limalembedwa 106/104, kutanthauza kuti limasenza makilogalamu 950 likakhala lokha, ndi 900 likakhala pambali pa linzake. Awiri akumbuyo ndiye kuti amasenza makilogalamu 1,900. Tayala la 155R12C lolembedwa 88/86 limasenza makilogalamu 530 likakhala ndi linzake, ndipo anayi amakwana 2,120. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 220 okha, matumba ochepa chabe a mbatatesi. Kuwonjezera apo, tayala laling'onolo ndi lalifupi ndi masentimita oposa 11, choncho mimba ya difu imatsika ndi masentimita pafupifupi 6. Pa phula izi zilibe kanthu, koma inu mumakatenga katundu ku minda ya ku Domwe ndi ku Tsangano, kumene m'nyengo ya dzinja msewu umakhala ndi mtumbira pakati. Injini nayonso imazungulira mowonjezera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu pa liwiro lomwelo ngati magiya a m'difu ali ofanana ndi akale.

Difu ya Canter ilibe vuto la kusenza, koma ndi yolemera kwambiri, ndi yotambalala, imakweza kumbuyo kwa galimoto, ndipo magiya ake anapangidwira kukoka osati kuthamanga. Madifu a Hilux amakhala ndi magiya monga 4.30, 4.56 kapena 4.88 (nambalayi imasonyeza kuti puropela shafuti, mpaipi wochokera ku giyabokosi, imazungulira kangati kuti matayala azungulire kamodzi), pamene a malole nthawi zambiri amapitirira 5, ena mpaka 6. Mukachoka pa 4.3 kupita pa 5.7, injini imayenera kuzungulira mowonjezera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ngakhale kuti kukula kwa tayala la lole kumabwezako mbali ina ya chiwerengero chimenechi. Zotsatira zake ndi dizilo wambiri, phokoso, ndi sipidomita yonama, chifukwa imawerenga kuchokera ku giyabokosi. Musagule difu musanadziwe magiya ake. Kwezani tayala la mbali imodzi, linalo likhale pansi, lembani choko pa tayala ndi pa fulanje imene pamamangidwa puropela shafuti, kenaka zunguzani tayalalo kawiri kathunthu mukuwerenga kuti fulanje yazungulira kangati. Nambala imene mwapezayo ndiyo magiya a difuyo. Kwa owerenga amene ali ndi Hilux yoyendera matayala onse anayi, nkhaniyi ndi yovuta koposa, chifukwa magiya ndi msinkhu wa matayala kutsogolo ndi kumbuyo ziyenera kugwirizana, kupanda kutero giyabokosi yaing'ono yogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo imaonongeka.

Ntchito yoika difuyo imayamba ndi tepi, osati ndi makina owotcherera. Yezani mtunda wa pakati pa masipuling'i awiri a Hilux yanu, kenaka yezani mtunda wa pakati pa matayala awiri amkati a difu yatsopanoyo. Tayala lamkati liyenera kusiya mpata wokwanira kuti lisakhudze sipuling'i kapena chesesi pamene galimoto yapendekeka ili ndi katundu, ndipo madifu ambiri amalepherera pamenepa. Mipando ya masipuling'i iyenera kudulidwa n'kuwotchereredwanso pa malo oyenera, ndipo mmisiri wosamala amayamba waigwiritsa ndi timadontho chabe, n'kutsitsa galimoto kuti ikhale pa matayala ake, n'kuona ngati mphuno ya difu yaloza mogwirizana ndi giyabokosi. Ikapendekeka molakwika, galimoto imanjenjemera ndipo makolosi a puropela shafuti amatha msanga. Kuwotcherera kwenikweni kuchitike pang'onopang'ono, mbali iyi kenaka mbali inayo, chifukwa moto wambiri pa malo amodzi umakhotetsa chipaipi cha difu. Puropela shafuti nayo idzafunika kufupikitsidwa ndi kusinthidwa fulanje pa makina osema zitsulo, osati pansi pa mtengo wa mango. Bodi yakumbuyo idzadulidwa, kapena mudzaika bodi yafulati yokhala ndi zotchinga matope zokuta matayala onse.

Pa mabuleki ndi pamene ndikufuna kuti muganizire kwambiri. Madramu a difu ya lole ali ndi masilinda aakulu amene amafuna mafuta ochuluka kuposa amene masita silinda ya Hilux imakankha, choncho pedulo ikhoza kumira kwambiri musanamve kugwira. Pansi pa bodi pali kavalavu kolumikizidwa ku difu ndi kachitsulo kakatali, kamene kamachepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikakhala yopanda katundu. Amisiri ambiri amangokasiya lendelende akasintha difu, ndiye tsiku lina mukubwerera opanda katundu mvula itagwa, mukaponda buleki matayala akumbuyo amauma galimoto n'kutembenuka. Komanso pa malole ambiri a Canter handibuleki imagwira pa dramu ya kumbuyo kwa giyabokosi, osati m'matayala, moti difu yake ilibe poti n'kulumikizapo waya wa handibuleki ya Hilux.

Ngakhale zonsezi zitakonzedwa bwino, kutsogolo kwa galimoto kumakhala kusanasinthe, chonsecho ntchito yaikulu yoimitsa galimoto imagwiridwa ndi mabuleki akutsogolo. Tiyerekeze kuti Hilux yanu imalemera tani imodzi ndi theka ili yopanda katundu. Ndi katundu wa tani imodzi ikhala matani 2.5, ndipo ndi matani awiri ikhala 3.5, kutanthauza kuti kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kwawonjezeka ndi magawo 40 pa 100 alionse. Ulongwe ali pamwamba pa mapiri, pamene mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, ndipo kusiyana kwa malo awiriwa kumapitirira mamita 1,000. Inu mumatsika mtunda wonsewo muli ndi katundu, kudzera pa Mussacama kukalowa mu N7, kulowera ku Moatize kumene m'mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mafuta a mabuleki a DOT 3 akakhala atsopano amawira pa madigiri osachepera 205, koma akakhalitsa n'kumwa chinyezi amatha kuwira pa madigiri 140. Akawira, pedulo imafika pansi popanda chogwira. Chesesi nayo ndi ya zaka pafupifupi 30, ndipo dzimbiri limaidya kuyambira mkati. Difu ikaleka kugonja, mphamvu ya katundu imakafuna pena pofooka, ndipo nthawi zambiri pamakhala pakati pa kabini ndi bodi kapena pa zogwirira masipuling'i.

Palinso tizovuta ta tsiku ndi tsiku. Mudzafunika masipeya awiri, popeza limu la kutsogolo la mabowo asanu silingalowe kumbuyo. Miyala imapanikizika pakati pa matayala awiri n'kucheka m'mbali mwake, ndipo tayala lamkati limatha mpweya mwakachetechete chifukwa palibe amaliyang'ana. Pa malole ambiri a ku Japan manati a mbali ya kumanzere amamasukira chakumanja, ndipo pamutu pa bawuti pamadindidwa chilembo cha L. Mnyamata wothandiza amene sakudziwa zimenezi amakwera pa sipanala ndi mpaipi, akuganiza kuti akumasula pamene akumangitsa, mpaka bawuti kuthyoka.

Za malamulo ndinene mwachidule. Mu livrete, kabuku ka kalembera wa galimoto yanu, munalembedwa peso bruto, kulemera kololedwa kwa galimoto pamodzi ndi katundu wake, ndi saizi ya matayala, ndipo kusintha maonekedwe ndi mapangidwe a galimoto kumafuna chilolezo cha INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto a pamsewu. Pitani mukafunse ku ofesi yawo ku Tete musanadule chitsulo chilichonse, chifukwa galimoto yosagwirizana ndi mapepala ake imavuta pa inspecção pamene amayeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, kwa apolisi apamsewu, pa chipata cha m'malire cha Calomue kapena Zobue, ndiponso kwa a inshuwalansi pakachitika ngozi. Dziwaninso kuti kuika difu ya lole sikusintha nambala ya peso bruto imene ili pa pepala.

Malangizo anga ndi awa, bambo. Ngati katundu wanu azikhala pafupi ndi tani imodzi, bwezerani shafuti yabwino ndi maberingi atsopano mbali zonse ziwiri, pakuti shafuti yotsalayo yasenza katundu yemweyo kwa zaka zomwezo. Ikani matayala a 195R14C a mapulayi asanu ndi atatu, muwapope mpweya wokwanira katundu, musinthe mafuta a mabuleki, ndipo matumba olemera muziwasanja kutsogolo kwa bodi pafupi ndi kabini. Difu ya full-floating ndingakuvomerezeni pokhapokha mutaipeza yokwana m'lifupi, ya magiya oyandikana ndi akale, yokhala ndi handibuleki yakeyake, ndipo cholinga chikhale kulimbitsa galimoto pa katundu yemweyo. Koma ngati malonda anu akula kufika pa matani awiri ulendo uliwonse, lembani mtengo wa difu, matayala anayi ndi sipeya, bodi yatsopano, ntchito ya mmisiri ndi ya mapepala, muwonjezerepo ndalama imene mungapeze mutagulitsa Hilux yanu isanadulidwe, kenaka mufunse mtengo wa Dyna kapena Canter yogwiritsidwa kale ntchito ya matani awiri.