Dzina langa lidakali pa pepala la chimbudzi chimene chinatitimira

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wachitsikana amene wangolembedwa kumene ntchito ku bungwe lothandiza anthu pa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ntchito yake ndi yoyang'anira zomangamanga, nyumba, mijigo ndi zimbudzi. Wapeza zimbudzi za pasukulu ina zitamangidwa kale, penti ali mbee, ndipo abwana ake akufuna asayine kuti ntchito yatha bwino, kontilakita alandire ndalama mwezi usanathe. Funso lake ndi lalifupi: "Ndisayine kodi, pomwe sindinaone mmene anamangira?"

Achemwali, imelo yanu ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinaika foni pansi n'kutuluka panja. Mwandigunda pachilonda.

Amene munali kuno ku Mzuzu mu Epulo 2016 mukuikumbuka mvula ija. Inagwa masiku otsatizana osakata, dothi linakhuta mpaka kuyamba kubweza madzi. Ku Masasa zitunda zinagumukira nyumba, ku Chibavi ndi ku Chiputula madzi analowa m'nyumba, makoma a zidina akusungunuka ngati mchere. Anthu ena anafa, ambiri anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Ine nthawi imeneyo ndinali ku bungwe lina limene sinditchula. Madzi ataphwa tinapatsidwa ndalama zomangira zimbudzi pa masukulu amene anasunga anthu, chifukwa zakale zinadzaza pa milungu yochepa chabe. Zimbudzi zimene zinkatumikira ana masana okha zinali zikulandira mabanja usana ndi usiku.

Ndinali ndi masukulu atatu ndi nyumba zingapo zoti ndiziyang'anira. Njinga yamoto inali imodzi, yobwerekana ndi mnzanga, mafuta ake ochita kupempha ndi fomu. Pa sukulu ina ya kumunsi, pafupi ndi dambo, ndinapitako kawiri kokha: tsiku losonyeza malo okumba, ndi tsiku lolandira ntchito. Tsiku lachiwirilo ndinapeza chinthu chokongola. Makoma opaka buluu ndi oyera, zitseko zotseka bwino, mpondagiya pakhomo, chikwangwani cha opereka thandizo chili poonekera. Ndinagogoda khoma, ndinapondaponda pa silabu, ndinajambula zithunzi. Ndinafunsa folomani ngati dzenje analiwaka ndi njerwa mpaka pansi. Anati, "Mpaka pansi, bwana." Ndinasayina.

Mu Malichi chaka chotsatira aphunzitsi aakulu a pasukulupo anandiimbira m'mamawa. Mayi aja anali aulemu, koma tsiku limenelo moni sanapereke. Anangoti, "Adada, bwerani mudzaone ntchito yanu."

Silabu inali itathyoka pakati n'kumira, makoma awiri ataweramirana. Nditasuzumira ndinawerenga mizere ya njerwa ya m'dzenje. Inali isanu. Pansi pake panali katondo wopanda chomugwira, ndi madzi ali tayale. Muja munayenera kukhala zitsulo munali waya wopyapyala wa mpanda, ndipo konkire nditaitola inafumbutuka m'manja ngati chigumu chouma. Chimbudzicho chinagwa usiku, Mulungu anatichitira chifundo pamenepo. Likanakhala Lolemba nthawi ya buleki, atsikana a sitandade 3 ali pamzere, sindikudziwa kuti bwenzi ndili munthu wotani lero. Aphunzitsi aja sanandikalipire. Anangolowa mu ofesi n'kutulutsa kope la pepala ndinasayina lija, n'kuloza dzina langa ndi chala.

Ndipo nkhani siinathere pa dzenjelo. Ana anabwerera kutchire la m'mbali mwa dambo, dambo lomwelo limene amayi a m'deralo anakumbamo zitsime zawo zosazama. Ndinathandiza kubweza vuto lomwe tinabwera kudzachotsa.

Zaka zambiri ndinkati wolakwa ndi kontilakita. Inde anaba. Koma wakuba simenti amadziwa kuti chimene chakwiriridwa palibe amene adzachione, ndipo ine ndinalembedwa ntchito kuti ndichione chisanakwiriridwe. Kuyang'anira zomangamanga kumachitika pa masiku ochepa kwambiri: tsiku lokumba, tsiku lowaka dzenje kapena maziko, tsiku loyala zitsulo, tsiku lothira konkire, tsiku lomanga denga. Mukaphonya masiku amenewo, chimene mwatsala nacho ndi kuyang'anira penti.

Pano mtima wanga unauma pa nkhani imeneyi, ndipo ndinena mosapsatira. Mabungwe ambiri amene ndagwira nawo ntchito amawerenga zinthu, sayeza zinthu. Lipoti limafuna nambala ya zimbudzi, nambala ya mijigo, nambala ya mabanja, ndi chithunzi cha mayi akumwetulira pa mjigo. Bajeti ikachepa, choyamba kudulidwa ndi mafuta a woyang'anira. Koma ndalama za msonkhano wa masiku atatu kunyanja, ndi ma alawansi ake, zimapezeka ndithu. Ndakhalapo m'misonkhano yotero, tikukambirana za nyumba zopirira ku kusintha kwa nyengo, tsiku lomwelo amisiri kumudzi akuthira konkire popanda wowaona. Zimandiwawa chifukwa amene amalipira mtengo wake ndi munthu amene nyumba yake yagwa kale kamodzi, amene alibe mphamvu yokana chimene wapatsidwa. Amawomba m'manja, amati zikomo, n'kulowa m'nyumba imene idzamugwerenso.

Mawu akuti nyumba yopirira nyengo alembedwa m'mapepala ambiri, koma kuno ku Mzuzu tanthauzo lake ndi zinthu zazing'ono zogwirika. Mvula yathu imachedwa kutha, Epulo imakhala idakalipo pamene kwina anthu akukolola, ndipo mzindawu ndi wa zitunda ndi madambo. Ndiye funso loyamba si la simenti ayi, ndi la malo. Munthu akasema phiri n'kumanga khoma litatsamira dothi lodulidwalo, popanda ngalande kumtunda, mungamupatse matumba a simenti ochuluka bwanji, mvula ikakuona litsiro siikata. Kenako maziko akwere kupitirira pamene madzi anafika ulendo watha, ndipo malo amenewo safuna makina, agogo a pamenepo akuonetsani chizindikiro pa mtengo wa mango. Pepala lakuda lapulasitiki liyalidwe pakati pa maziko ndi khoma kuti chinyezi chisakwere. Khonde lizungulire nyumba kuti madzi a padenga asamenye patsinde pa khoma. Mitengo ya denga imangiriridwe ku khoma ndi waya kapena lamba wachitsulo wolowa mizere ingapo ya njerwa, osati kungosanjika miyala pa malata. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limalimba ku mphepo kuposa la mbali ziwiri. Zambiri mwa izi si zachilendo. Chivomezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chitachitika, boma ndi mabungwe analemba malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, okhala ndi zithunzi zoti mmisiri wa kumudzi atha kutsatira. Ndakumana ndi oyang'anira ambiri amene sanawatsegulepo.

Ndiye pali nkhani ya njerwa, imene ndikaiyamba sindimaliza. Kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu, pofuna kuteteza mitengo, ndipo aliyense amene anaona mmene nkhalango zatheramo sangatsutse. Koma mabuloko a simenti nawo ali ndi chinyengo chawo. Woumba akafuna phindu amatulutsa mabuloko ochuluka pa thumba limodzi, osawathirira madzi, n'kuwagulitsa mawa lake. Amaoneka bwino pa lole. Nyamulani limodzi kufika pachifuwa, ligwetseni pa nthaka yolimba, muone. Mchenga nawo, thirani pang'ono m'botolo la madzi, khutchumulani, siyani udikhe. Matope akakhala ochindikala pamwamba pa mchengawo, ubwezeni. Konkire ya silabu ndi ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za kwale, ndowa yake imodzimodziyo, ndipo ithiriridwe madzi masiku osachepera 7. Ndi zinthu zoti aliyense wa mu komiti ya sukulu atha kuziphunzira tsiku limodzi, ndipo ndikanawaphunzitsa aphunzitsi aakulu aja, bwenzi atandiimbira foni dzenje lisanatsekedwe.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, ndinaonera zithunzi za ku Chilobwe, matope akutsika phiri la Soche, ndipo maso anga anali pa Masasa. Anthu oposa 600,000 anasowa pokhala kummwera. Namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana ndi wa Gombe mu 2022, kenako Freddy. Amene akumanga lero ngati kuti mvula yotero imabwera kamodzi pa moyo wa munthu akunamiza anthu.

Za madzi, pang'ono

Simunafunse za mijigo koma idzakupezani. Mjigo ndi woopsa kuposa chimbudzi chifukwa pafupifupi zonse zili pansi. Mukhalepo pobowola, muwerenge mapaipi ndi maso anu, muone kuti kumtunda kwa dzenje athira simenti yotseka kuti madzi akuda a pamwamba asatsikire m'kati, ndipo musalole kuti pampu ya Afridev imangidwe asanayese kupopa madzi kwa maola angapo. Mjigo wobowola nthawi ya dzinja umanamiza, ufike Okutobala ndi pamene umanena zoona. Miyezo ya Sphere imene mabungwe amatsatira m'misasa imati munthu apeze malita osachepera 15 pa tsiku, potunga pasatalike kupitirira mamita 500, chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20, chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a pansi panthaka. Muyezo womalizawu ndi umene ndinauphwanya pa sukulu ija. Pafupi ndi dambo sitinayenera kukumba dzenje lakuya n'komwe, tinayenera kukweza chimbudzicho pamwamba. Madzi othira klorini nawo ayezedwe pa mpopi, klorini yotsalira ikhale pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita. Kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo anansi athu a ku Nkhata Bay anamuona ndi maso. Nambala zimenezi ndimazitenga ngati za moyo ndi imfa.

Tsono yankho lanu, achemwali. Musasayine sabata ino. Musakanganenso ndi abwana anu pakamwa, alembereni imelo yaulemu kuti simunalipo pomanga ndipo mukupempha masiku atatu kuti muyeze. Pemphani mapulani, mndandanda wa zipangizo, ndi zithunzi zilizonse za nthawi yomanga. Poti zimbudzizo sizinayambe kugwira ntchito, tsitsani tochi ndi foni pa chingwe kudzera pa bowo, muone ngati njerwa zafika pansi ndiponso ngati muli madzi, koma inu musalowemo. Yezani kuya ndi chingwe chomangirira mwala. Semani pang'ono pangodya ya silabu muone chitsulo. Funsani alonda a pasukulupo ndi amayi amene ankatunga madzi omangira, amadziwa matumba a simenti amene analowa ndi amene anatuluka usiku. Zikakhala bwino, sayinani, n'kulemba pomwepo zimene mwaona ndi zimene simunathe kuona. Zikakhala zolakwika, lembani zoti zikonzedwe, ndipo onani mu kontilakiti ngati muli ndalama zimene zimasungidwa mpaka nyengo yoona zolakwika itatha. Zimenezo zisatuluke mvula isanagwe.

Mwina akuonani ngati ovuta, poti ndinu atsopano komanso mayi pakati pa amisiri aamuna. Mukapita kukayeza mutenge wapampando wa komiti ya sukulu ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, aone nawo, asayine nawo pa zimene mwapeza. Ndipo mukatsitsa tochi ija mundilembere, ndikufuna kudziwa kuti mizere ya njerwa mwaipeza ingati.