Usanafunse za makina, kilatchi ya alamu ako alipire ndani?

Bambo mlangizi, ndine makaniko wa zaka 27, ndimagwira ntchito pa galaja ya amalume anga ku Moatize. Ndaphunzira pa YouTube kuchita remap, kusintha pulogalamu ya mu ECU, kompyuta yoyendetsa injini, kuti injiniyo ikhale ndi mphamvu zambiri. Ndinabwereka makina a mnzanga n'kuyesera pa Hilux D-4D ya alamu anga, mwaulere, ndipo inathamanga mpaka iwo anaseka okha. Pano akuti kilatchi ikuterereka, ndiwagulire ina, koma imeneyo ndi ya pachibale, tikambirana. Funso langa ndi ili: bambo wina akufuna kundikongoza 120,000 meticais pa 20% pamwezi. Ndigule makina enieni ochitira remap otchedwa KESS, kapena a ku China otsika mtengo kuti zotsalazo ndikonzere malo? Ndikufuna ndizilipiritsa 8,000 pa galimoto.
Makaniko wa ku Moatize

Mphwanga, kalata yakoyi ndaiwerengapo kambirimbiri, amangosintha ndi katundu wake. Chaka chatha inali ya wowotcherera zitsulo, ina inali ya mnyamata wokonza mafoni ku Ulongwe. Nonse mumafunsa za makina, ndipo nonse nkhani yeniyeni mumaibisa pakati, n'kuiphimba ndi mawu akuti "tikambirana". Ine ndiyambira pomwe waphimbapo.

Kilatchi ya alamu akoyo si nkhani ya pachibale. Ndiyo bizinesi yako yonse, yakuonekera msanga isanakudye ndalama za eni. Hilux ya D-4D ukaiwonjezera mphepo ya turbo ndi dizilo, mphamvu yokokera imakwera, pa injini zotere ena amafika nayo 20 kapena 30% pa remap yoyambira imene amati Stage 1. Mphamvu imeneyo siithera m'malere. Imadutsa pa kilatchi yomwe yayenda kale zaka zake ikukoka matumba a chimanga, ndipo kilatchi yotopa ndiyo imayamba kulira. Kodi inali itatha kale usanaigwire? Mwina. Ukhoza kundisonyeza? Ayi, chifukwa sunalembe kanthu. Sunalembe makilomita, sunaiyese pa giya yapamwamba kuti umve ngati ikuterereka, ndipo ndikubetcha mbuzi kuti fayilo yoyambirira ya mu ECU ija sunaisunge, inapita ndi laputopu ya mnzako.

Ntchito imene ukufuna kulowayi siigulitsa liwiro ayi. Amene wagwira ECU ya galimoto amasanduka mwini wa matenda onse amene galimotoyo idzadwale kuyambira tsiku limenelo. Fanibeloti ikaduka, ndi iwe. Tayala likaphulika pa Zóbuè, adzati linaphulika chifukwa galimoto inayamba kuthamanga kwambiri. Alamu ako sanakulipire ngakhale metical imodzi ndipo akukulipiritsa kale. Nanga mlendo amene wakupatsa 8,000?

Tiye tiwerenge, mwachisawawa chomwechi. 20% ya 120,000 ndi 24,000 pamwezi, chiwongoladzanja chokha, ngongole ili chiimire. Ameneyo ndi katapila, ngakhale bamboyo atavala taye. Pa 8,000 yakoyo si yonse yako. Iwe sulemba wekha mapu a injini, manambala ouza ECU kuchuluka kwa dizilo ndi mphepo, zimenezo zimafuna pulogalamu ngati WinOLS ndi zaka zophunzira, ndiponso makina oyezera mphamvu aja amati dyno. Udzakhala ukuwerenga fayilo m'galimoto, kuitumiza pa intaneti kwa katswiri wakunja, iye n'kuisintha, iwe n'kumulipira. Tinene kuti akudya 3,500. Chotsa za data ndi za mafuta oyesera galimoto, watsala ndi 4,000. Ndiye magalimoto 6 pamwezi ukugwirira bambo wa katapila, iwe usanagule ngakhale sopo. Ukafuna kubweza mpamba wake pa miyezi 6, ndi 20,000 ina pamwezi, magalimoto ena 5. Pamodzi 11, mwezi ndi mwezi, popanda ngakhale imodzi yobwerera ndi dandaulo.

Magalimoto 11 amenewa uwatenga kuti? Khala pamsewu wa N7 tsiku limodzi ndi kope, uziwerenga zodutsa. Timagalimoto ta petulo tochokera ku Japan topanda turbo, Vitz, Ractis ndi tinzake, ukatichita remap phindu lake mwiniwake salimva n'komwe, adzabwera kudzafuna ndalama zake. Land Cruiser ya injini ya 1HZ ilibe kompyuta yoti uilembe, pampu yake ndi ya zitsulo basi. Ma Hilux ndi ma Ranger atsopano a makampani a ku migodi ya malasha ali pa galanti, ndipo palibe bwana woyang'anira magalimoto amene angalole kuti galanti ife chifukwa cha laputopu yako. Otsala ndi anthu a ma Hilux ndi ma Ranger awoawo, ambiri akale, ambiri onyamula mopitirira. Komanso remap si kusintha oyilo. Oyilo munthu amabweranso pakapita miyezi. Remap ndi kamodzi, akabweranso ndiye kuti wabwera ndi mlandu.

Ndiye kutentha. Iwe ukudziwa mmene Tete amakhalira mu Okutobala ndi Novembala, madigiri kupitirira 40, sipanala yosiyidwa padzuwa osagwirika. Fayilo yolembedwa ndi munthu wa ku Ulaya, amene galimoto yake imanyamula iye ndi galu wake, ukuiika mu Hilux yodzaza simenti, radiyeta ndi intercooler (yoziziritsa mphepo ya turbo) zitatsekeka ndi fumbi la malasha, ikukwera chitunda kuchokera ku Mussacama kulowera ku Angónia. Dizilo wowonjezera ndi moto wowonjezera. Injini ya 1KD, D-4D ya malita 3.0 ija, amakaniko amaidziwa kale ndi vuto la mawashala a mainjekita ndi mapisitoni ong'aluka ngati mainjekita atopa. Kafunse mtengo wa injini ya 1KD yakale ku mashopu a mu Tete, koma ukhale pansi kaye asanakuyankhe. Imodzi yokha ikasweka m'dzina lako, phindu la magalimoto makumi angapo lapita.

Za makina, poti wafunsa, ndiyankhe mwachidule. KESS yeniyeni imapangidwa ndi Alientech ya ku Italy, ndipo mtengo wake suthera pa bokosi. Umalipiranso padera kuti akutsegulire mitundu ya magalimoto, kenako chaka ndi chaka kuti uzilandira zatsopano, zonsezo mu ma euro. Zokopera za ku China ndi chikomekome cha mkuyu: zimatsanzira makina akale, magalimoto atsopano ambiri siziwadziwa, ndipo zikaima pakati polemba, ECU n'kufa, palibe woti umuimbire. Galimoto ya mwini ili pa galaja, sikulira. Ngakhale makina enieni amapha ECU ngati batire yafooka polemba, n'chifukwa chake odziwa ntchito amalumikiza chogwirizira magetsi asanakhudze kalikonse. M'kalata yako chimenechi sindikuchiona. Koma yankho langa ndi loti usagule iliyonse ndi ndalama za bambo ameneyo.

Tsopano undilole ndilowe m'munda mwanga, ena amati ndimabwereza ngati wailesi yakale. Kope. Ndinafika pa galaja ina tsiku lina kukakonzetsa galimoto yanga, ndikufunsa mwini wake kuti mwezi wathawu anapeza zingati. Anaseka, n'kundilozera khoma. Pakhomapo panali mayina olembedwa ndi makala, ena ofufutika ndi mvula ya kudontha kwa malata. Ngongole ina inali pachikatoni cha fyuluta ya oyilo, chikatonicho mwana wophunzira ntchito anali atagonapo pansi pa chapa (minibasi). Munthu wa manja agolide, injini amaimva ndi khutu lokha, koma sankadziwa ngati akupita kutsogolo kapena kumbuyo. Nditawerenga mayina aja, oposa theka anali achibale: asuweni, apongozi, mwana wa azakhali. Chibale ndi fupa sichiwola, inde, koma ngongole ya pachibale imawola msanga kuposa tomato wa pa msika wa Kwachena.

Ndipo iwe uli pa galaja ya amalume ako. Wawafunsa? Galimoto ikafa pabwalo lawo, wolusa sadzafunsa kuti makina ndi a yani. Adzalowa m'galaja n'kunyamula kompuresa ya amalume. Bambo wa katapila naye chikole adzachifuna pomwepo, chifukwa iwe ulibe china kupatula foni. Ndiye kabizinesi kamene sikanabadwe kali kale ndi eni anayi: alamu, amalume, wa katapila, ndi katswiri wakunja uja. Iwe ndiwe wachisanu pamzere wodya.

Ndikanakhala iwe, ndikanagula makina otsika mtengo ongowerengera matenda a galimoto pa OBD, kabowo ka mapini 16 kali pansi pa chiwongolero kaja. Amenewo ugule ndi ndalama zako, kapena za xitique, chipereganyu chanu cha anyamata a pa galaja, chopanda chiwongoladzanja. Galimoto iliyonse yoyaka nyali ya injini ndi kasitomala, Vitz yomwe, ndipo amabwera mobwerezabwereza. Uzilipiritsa pang'ono, kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola pa nambala ya ntchito yokha, yosiyana ndi imene amatumizirapo a kumudzi akafuna ya maliro. Pakapita miyezi 6 kope lako lidzakuuza lokha kuti ma D-4D angati amafika, angati ali ndi mainjekita abwino, ndipo eni ake angati anafunsa za mphamvu. Ukapeza ndi okwanira, ubwerenso tidzakambe za KESS, uli ndi mpamba wako m'thumba ndi NUIT yako, nambala ya msonkho, kuti uzitha kupereka risiti.

Ndipo tsiku limene udzachite remap yolipidwa, pepala liyambe. Nambala ya galimoto, makilomita, zimene makina awerenga pa mainjekita, mmene kilatchi ilili, utsi ngati ulipo. Fayilo yoyambirira uisunge malo awiri, dzina lake likhale nambala ya galimotoyo. Pansi pake mawu ochepa, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, oti mwini wauzidwa kuti mphamvu yowonjezera imafupikitsa moyo wa kilatchi, turbo ndi giyabokosi, ndipo wavomera. Asaine, mboni isainenso. Amene wakana kusaina, mugulire Fanta apite bwino. Amene galimoto yake yalephera mayeso, umukonzere kaye matendawo, imeneyonso ndi ndalama, mwinanso yoposa 4,000 ija.

Za alamu, usadikire kuti nkhani ifike kwa achemwali ako, ikafika kumeneko mtengo wake ukwera kawiri. Pita Loweruka lino, utenge amalume akhale pakati. Uwauze alamu kuti kilatchi agule okha popeza inali yawo ndipo yayenda zaka zawo, iwe uimanga mwaulere popeza unaifulumizitsa. Uwerenge nambala ya pulogalamu ya ECU yawo, upeze fayilo ya ku fakitale yofanana nayo, ubwezeretse galimoto mmene inalili kilatchi yatsopano isanalowe. Akanena kuti mphamvu ija anaikonda ndipo isachoke, tulutsa pepala ndi cholembera pomwepo, amalume akuona.