Kampira kopepuka, nanga m'thumba mumalowa zingati? Yankho kwa mayi wa ku Khombedza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Khombedza. Dzina sindiwatchula, koma zomwe analemba ndi izi: "Mwana wanga wamwamuna ali Fomu 3 ndipo wapenga ndi tebulo tenisi. Aphunzitsi ake akuti ali ndi dzanja labwino. Iye akunena kuti akufuna kudzadyera masewera amenewa, koma amalume ake akuti ndi chibwana, palibe amene anamangapo nyumba ndi kampira ka pulasitiki. Kodi akatswiri a masewerawa amalandira zingati, nanga inu mukuona kuti amayenera kulandira zingati?"

Mayi, zikomo polemba. Achimwene anuwo musawapsere mtima msanga, chifukwa theka la zomwe akunena ndi zoona. Ine ndakhala kuno ku Salima zaka zambiri, ndaona nyumba zomangidwa ndi thonje, zomangidwa ndi usipa, ngakhale zomangidwa ndi kabaza, koma ya tebulo tenisi sindinaionepo. Pomwe akulakwitsa ndi ponena kuti ndi chibwana. Kunja kuno kuli anthu amene amadzuka m'mawa kupita kukamenya kampirako ngati momwe ena amapitira ku ofesi, ndipo mabanja awo amadya.

Tiyambe ndi apamwamba. Mu 2021 bungwe la masewerawa padziko lonse, la ITTF, linayambitsa mipikisano ya World Table Tennis, yomwe amaifupikitsa kuti WTT, pofuna kuti ndalama zichuluke. Mpikisano wawo waukulu woyamba, Singapore Smash wa mu 2022, unali ndi thumba la $2 miliyoni, ndipo wopambana pa masewera a mmodzimmodzi ankatenga $100,000. Mukaziwerengera m'makwacha mutu uzungulira. Koma yang'anani m'bale wake wa masewerawa, tenisi ya pabwalo: amene anapambana ku Wimbledon mu 2025 anatenga £3 miliyoni yekha. Munthu mmodzi ku London anapita kwawo ndi ndalama zoposa zomwe anagawana onse, amuna ndi akazi omwe, ku Singapore. Ku Olimpiki nako, komwe tebulo tenisi inalowa mu 1988 ku Seoul, eni mpikisano sapereka ndalama ayi. Amakuveka mendulo basi, zinazo ukaonane ndi boma lako.

Kusiyanaku sikuchokera pa thukuta. Ndalama za masewera zimatsata maso a anthu: matikiti a pageti, TV, ndi makampani ofuna kuti dzina lawo lioneke. Kampira ka tebulo tenisi kamalemera magalamu 2.7, ndipo kamathamanga moti pa TV wosadziwa amangoona anthu awiri akuthamangitsa ntchentche. Chomwe chimapha mdani, kuzungulira kwa kampirako, sichioneka n'komwe. Akuluakulu ake anayesa kukonza: mu 2000 anakulitsa kampira kuchoka pa mamilimita 38 kufika 40 kuti kachepe liwiro, mu 2001 anadula gemu kuchoka pa mapointi 21 kufika 11 kuti mtima wa woonera uzikhala m'mwamba. Vuto lina ndi China. Mwa mendulo 42 zagolide zomwe zaperekedwa pa Olimpiki kufika ku Paris mu 2024, dziko limeneli latenga 37. Mpikisano womwe mwini wake amadziwika usanayambe suvuta kuunyalanyaza ngati si iwe Mtchaina.

Komabe, mayi, ndalama ya mphotho si imene imadyetsa katswiri, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse pansi.

Pitani ku Senga Bay kapena ku Lifuwu mukafunse alovi momwe amalandirira. Chilimira chikatuluka m'mawa, mwini zida amayamba wachotsa za mafuta a injini ndi za nyali, kenako zotsalazo n'kugawana, siginala, yemwe amakopa nsomba ndi nyali, kutenga mokulirapo. Tsiku lomwe usipa wagwa, dooko lonse limanunkhira chiwaya ndipo aliyense ndi bwana. Mwera ukawomba sabata yathunthu, mlovi yemweyo amakakongola ufa. Wosewera amene amadalira mphotho zokha ndi mlovi, ndipo amaposa mlovi pa mavuto chifukwa mafuta amagula yekha. Ndege ndi yake, hotela ndi yake, mphunzitsi akamutenga ndi wake. Labala amene amamata pa chomenyera amatha mphamvu msanga, katswiri amasintha pafupipafupi, ndipo labala wabwino ngati Tenergy kapena Dignics wa kampani ya Butterfly amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwa ife amene ndalama yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mukudziwa nokha tanthauzo lake. Ndiye munthu auluke ulendo wonse kukafika ku Doha, akagonje masewera oyamba m'mphindi makumi awiri. Abwera ndi chiyani?

Chifukwa chake akatswiri enieni amakhala ndi malipiro a pamwezi kwinakwake. Ena ndi a makalabu. Ku Germany kuli ligi yamphamvu, komwe Timo Boll anasewera zaka zambiri ku Borussia Düsseldorf. Ku China kuli Super League, ku Japan anayambitsa T.League mu 2018. Quadri Aruna wa ku Nigeria, amene mu 2016 ku Rio anakhala wa mu Africa woyamba kufika mu makotafainolo a Olimpiki atagonjetsa Boll yemweyo, mkate wake waupeza m'makalabu a ku Ulaya: wasewerako ku Sporting ya ku Portugal komanso ku Fulda ku Germany. Ena amalembedwa ntchito. Sharath Kamal wa ku India analembedwa ntchito ndi kampani ya boma ya Indian Oil. Ku Germany asilikali ali ndi gulu losunga ochita masewera, amalandira ngati msilikali kwinaku akukonzekera mipikisano. Fan Zhendong anakulira m'timu ya asilikali a ku China ya Bayi.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Timu ya Mafco ndi ya konkuno ku Salima, ya asilikali. Blue Eagles ndi ya apolisi, Silver Strikers ndi ya Reserve Bank. Mnyamata wa yunifolomu akathyoka mwendo pabwalo, mwezi ukatha kunyumba kwake mphika umatereka ndithu. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mphotho ndi fodya wapachala.

Ngakhale apamwambawo akudandaula, ndipo dandaulo lawo si la kuchepa kwa ndalama kokha. Mu Disembala 2024 Fan Zhendong ndi Chen Meng, onse awiri atangotenga golide ku Paris, anachotsa mayina awo pa mndandanda wa akatswiri a dziko lonse, ponena kuti WTT imalipiritsa chindapusa wosewera amene sanabwere ku mpikisano. Aruna anali atadandaulapo kale za zindapusa zomwezi. Taganizani: sakulipira pamwezi, ulendo sakulipirira, koma ukalephera kufika akukulipiritsa. Ngakhale mwini boti wouma mtima chotani sangauze mlovi wodwala kuti alipire chifukwa sanalowe m'nyanja. Patapita miyezi yochepa WTT inafewetsako lamulolo, koma zinatengera eni golide kunyanyala kuti amve.

Tsono funso lanu lachiwiri, loti amayenera kulandira zingati. Ine sindili m'gulu la amene amalira kuti wopambana azilandira mofanana ndi wa ku Wimbledon. Ndalama imeneyo kulibe, ndipo ikanakhalapo ikanangopita kwa anthu khumi amene ali kale ndi makalabu ndi makampani owaveka. Fan Zhendong atachoka pa mndandanda uja sanagone ndi njala, mu 2025 anasaina ku Saarbrücken ku Germany. Mtima wanga uli pa uja amene ali pa nambala 80 kapena 120 padziko lonse. Munthu ameneyu pa luso lake amaposa anthu mabiliyoni. Akanakhala dokotala kapena injiniya wa mlingo umenewo, bwenzi mayiko akumulimbirana. Ameneyu ayenera kuti akachotsa ndege, hotela, labala ndi mphunzitsi, atsale ndi zokwanira kulipira nyumba, kuphunzitsa ana, ndi kusungako pang'ono, chifukwa mawondo ndi msana siziyembekeza zaka za penshoni. Njira yake ndi yosavuta kuinena: aliyense woitanidwa ku mpikisano waukulu alipiriridwe ulendo ndi pogona, ndipo wogonja masewera oyamba asabwerere ndi ngongole. Ngati kutero kukutanthauza kudula pang'ono pa cheke cha wopambana, adule. Popanda wogonjayo wopambana akanamenyana ndi khoma.

Kuno kwathu muyeso wanga ndi mphunzitsi wa sekondale. Amene wasankhidwa kuimira Malawi, amene tikumuuza kuti azichita masewera olimbitsa thupi ndi kuyeserera tsiku ndi tsiku, alandire pamwezi zosachepera zomwe amalandira mphunzitsi wa sekondale, kaya kuchokera ku boma kudzera ku khonsolo ya zamasewera, kaya kuchokera kwa amene wamulemba ntchito n'kumupatsa nthawi yoyeserera. Sindikunena za galimoto kapena nyumba yosanja. Ndikunena zoti asamasankhe pakati pa labala ndi thumba la chimanga.

Ndikudziwa wina ayankha kuti ndalamayo ichokera kuti, poti tebulo tenisi ilibe geti ngati Bullets ndi Wanderers zikakumana. Zoonadi ilibe. Koma masewera ake ndi otchipa modabwitsa. Tebulo ndi la mamita 2.74 m'litali, limakwana m'kalasi. Ndalama yonyamulira timu imodzi ya mpira wamiyendo, anthu oposa makumi awiri, kupita ku Karonga n'kubwerako, ingasunge osewera tebulo tenisi angapo kwa nthawi ndithu. Ndipo mahotela a m'mbali mwa nyanja yathuyi, makampani a shuga, masukulu aukachenjede, onsewa amalemba anthu ntchito chaka ndi chaka. Kulembapo mmodzi wodziwa kumenya kampira, kuti m'mawa azigwira ntchito masana aziphunzitsa ana ndi kuyeserera, sikungagwetse kampani.

Ndinene zomwe zinandichitikira. Zaka zingapo zapitazo, ndikuphunzitsa, ndinatenga ana anayi kupita nawo ku mpikisano wina ku Lilongwe. Tebulo lomwe ankayeserera kusukulu linali la mapulanga awiri omwe kalipentala wa ku Kamuzu Road anatilumikizira, pakati pake kampira kankadumpha mokhota ngati chule. Mtsikana mmodzi anafika mu fainolo. Okonza mpikisano anamupatsa chikho chachikulu chonyezimira, anajambulitsa naye zithunzi, akuluakulu analankhula mpaka dzuwa kupendeka. Ya thiransipoti, yomwe anatilonjeza m'kalata, anati tidzamva. Tinabwerera pa minibasi ndi ndalama yanga ya lendi, chikho chili pamiyendo, kondakitala n'kufuna kuchilipiritsa ngati katundu. Mpaka lero sitinamve. Mtengo wa chikho chija ukanatikwanira tonse asanu kupita ndi kubwera. Ndiye ndikamati ulendo ndi pogona ziyambe, chikho chibwere pambuyo, sindikulankhula za ku Singapore kokha.

Za mwana wanu ndikuuzani mosabisa. Amene amafika pamwamba penipeni amayamba ali aang'ono kwambiri. Ma Long wa ku China anagwira chomenyera ali ndi zaka 5. Hana Goda wa ku Egypt anapambana mpikisano wa akuluakulu wa Africa Cup mu 2022 ali ndi zaka 14. Mnyamata wa Fomu 3 amene sanakumanepo ndi mphunzitsi wa masewerawa weniweni, kuti adzadye mphotho za WTT, mwayi wake ndi wochepa zedi, ndipo amene angakuuzeni zina akukunamizani. Koma khomo si limodzi. Timu ya dziko lino angaifike. Angadzakhale mphunzitsi wa masewerawa, kapena woyimbira, ndipo oyimbira odziwa ntchito amayenda mayiko. Mu Meyi 2023 mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Durban, koyamba mu Africa chichitikireni ku Cairo mu 1939, ndiye si zinthu za kutali monga kale. Ndipo makomo onse ndatchula aja, usilikali, upolisi, banki, uphunzitsi, amayamba afunsa satifiketi ya MSCE asanafunse za dzanja. Temwa Chawinga ndi mkulu wake Tabitha atisonyeza kuti mwana wa kumudzi angathe kudyera masewera kunja, koma iwo analowa m'masewera omwe muli makalabu ambiri ofuna anthu. A tebulo tenisi ndi ochepa, ndiye wanuyo ayende ndi pepala m'thumba.

Muuzeni choncho, kuti tebulo ndi lake bola magiredi asatsike. Achimwene anuwo, monga eni mbumba, musawasiye kunja kwa nkhaniyi. Tsiku lina mwanayo akamasewera kusukulu muwatenge akaone, ndipo muwapatse chomenyera ayese kubweza sevisi imodzi yokha ya mphwawoyo.

Mukamayankha mundiuze ngati amagwira chomenyera ngati akupereka moni kapena ngati cholembera. Ndili nacho chakale m'sutikesi, thabwa lake likadali labwino, labala yekha ndi amene wauma. Loweruka lililonse ndimakhala pa Boma.